Ya 600cc ija isiyeni kaye, achimwene

Achimwene, ndikupemphani, isiyeni. Ndawerenga zimene mwalemba pagulu pano, zoti mukufuna kugula njinga yamoto ya injini yaikulu ya 600cc mutangophunzira kumene kuyendetsa, mpaka thupi lachita tsembwe, chifukwa inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndinali nditangophunzira pa kanjinga kakang'ono ka 125cc ka mnzanga, masabata atatu okha, basi ndikudziona kuti ndatha. Sindinkadziwa kuti za mpikisano za 600 zija mphamvu zake zimaposa ka 125 mwina ka 10, ukangopotoza dzanja pang'ono yauluka.

Amene anandigulitsa ya 600 yogwiritsidwa kale ntchito anali wa pakamwa pokoma zedi. Ati siinagwepo, ati amaisamala ngati mwana. Nditafika ndinapeza injini ili yotentha kale, iye nkumati amangoiyesa. Bodza! Anaitenthetseratu dala kuti ndisaone mmene imavutira kulira ikazizira.

Sabata isanathe zinandionekera. Kunali kutawaza kamvula, msewu uli wonyowa pang'ono chabe. Ndikukhota pakona, galimoto ya kutsogolo kwanga inaima mwadzidzidzi. Chifukwa cha mantha dzanja linangofinya buleki yakutsogolo yonse, njinga ili chipendekere. Tayala linaterereka, ndisanaphethire n'komwe ndinali pansi, ndikukhwekhwerezeka pa phula, mwendo wamanja wapanikizika kunsi kwa njinga. Chinthu cha makilogalamu pafupifupi 190 simungachikankhe mutagona chammbali. Injini ikulirabe, tayala lakumbuyo likuzungulira m'malere, petulo akununkha, ekizozi ikundiwotcha katumba kupyola jinzi. Ndinkamva fungo la khungu langa lomwe likupsa. Magolovesi ndinalibe, zikhatho zinasupuka zonse, ndiye ndikati ndigwire pansi kuti ndidzikoke, ululu wake sindingaufotokoze. Anachita kubwera anthu awiri kudzainyamula. Fupa la paphewa linathyoka, masabata 6 ndikuvekedwa malaya ndi mkazi wanga. Chipsera chili pamwendo mpaka lero.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi zimene makaniko anandionetsa pambuyo pake. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Langa lakutsogolo linali la zaka 9, mphira utauma gwa, ngakhale mizere yake inkaoneka yakuya bwinobwino. Mashoka anali opindika kalekale, akudontha oyilo mpaka kumafika pa buleki. Thanki anaipaka penti yatsopano pofuna kubisa pamene inagundidwa. Munthu uja ankadziwa zonsezi, ankaona kuti ndine wophunzira kumene, koma analandira ndalama akumwetulira n'kundiuza kuti muyende bwino. Nditamuimbira ndili m'chipatala anadula foni, kenako nambala yosapezekanso. Munthu wotani wogulitsa mnzake imfa?

Ndiye tengani yaing'ono, yopepuka, yoti mukakhalapo mapazi azifika pansi ndipo ikagwa muziidzutsa nokha. Ikakhala ndi ABS ndiye bwino kwambiri, imaletsa tayala kukakamira mukafinya buleki mwamantha, makamaka njinga ikakhala chilili. Helemeti yophimba ndi chibwano chomwe, magolovesi, jekete yolimba ndi nsapato zobisa akakolo, muchotseretu ndalama yake musanayambe n'kufunsa komwe za njinga.

Komabe yatsopano musagule ayi. Gulani yakale yomweyo, chifukwa mudzaigwetsa ndithu, mwina mutangoima potembenuka, ndipo yonyezimira ikakalika mtima umawawa. Mungopita ndi makaniko wanu, osati wake. Gwirani injini ndi dzanja asanailize, onani tcheni ndi mano a sipuloketi ngati sanasongoke, nambala ya pa fulemu ifanane ndi ya pa mapepala. Komanso kunena zoona, 125 mudzatopa nayo msanga, pamsewu waukulu malole akamakudutsani mphepo imachita kukukankhani. Ndikanakhala inu ndikanayang'ana ya 250 kapena 300.

Mukaipeza, jambulani matayala ndi mashoka muponye muno musanapereke ndalama, tikuonereni.