Amuna anga ali ndi HIV, ine ndilibe: tingakhale bwanji?

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri ndipo pano ndili ndi pathupi pa miyezi 5. Mwezi wathawu tinapita kusikelo ndi amuna anga, ndipo atatiyeza magazi iwo anawapeza ndi kachilombo ka HIV, koma ine ayi. Amayi anga atamva nkhaniyi anawapatulira akamwini awowo mbale ndi kapu, ndipo akuti ngakhale udzudzu ungathe kutipatsira matendawa. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga ineyo ndi mwana ali m'mimbayu tingatetezeke bwanji?
Mayi wa ku Mkanda, Mchinji

YANKHO: Amayi, choyamba mbale ndi kapu zija zibwerere pamene pali ziwiya zinzake. Kachilomboka sikayenda m'malovu, m'thukuta kapena m'mbale ya ndiwo imene mukusunsa limodzi, ndipo udzudzu sungakafalitse chifukwa ukaluma munthu umamulavulira malovu ake, osati magazi a munthu wina. Kamafala kudzera m'magazi, umuna, ukazi ndi mkaka wa m'mawere, ndiye chifukwa chake njira zake ndi kugonana mosadziteteza, kubwerekana malezala kapena jakisoni, monga potemera mphini, ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Kusala kotereku kumatidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mwamuna amene akudyera payekha pakhonde la apongozi ake sachedwa kuchita manyazi n'kusiya kukatenga mankhwala.

Pamankhwala pomwepo m'pamene pagona chitetezo chanu. Ma ARV amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004, ndipo munthu akamamwa tsiku lililonse osadumphitsa, tizilombo timachepa m'magazi mpaka kufika posaoneka poyeza, nthawi zambiri pakutha pa miyezi 6. Akafika pamenepo n'kupitirizabe kumwa mankhwala, sapatsira mnzake kachilomboka pogonana. Zimenezi zimatsimikizika ndi kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi (viral load) kokha, osati kuona thupi kuti lanona.

Podikira zotsatira zimenezo, gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, ndipo mukafunse kusikelo kapena ku chipatala chachikulu cha pa boma la Mchinji za PrEP, mankhwala amene amamwa munthu wopanda kachilombo kuti asakatenge. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amaloledwa kumwa. Kondomu ikang'ambika musanayambe PrEP, thamangirani kuchipatala asanathe maola 72 kuti akakupatseni PEP, mankhwala apangozi oteteza kuti musatenge kachilomboka, amene amamwedwa masiku 28.

Mwanayo sangabadwe ndi HIV ngati inuyo mulibe. Komabe kachilomboka kamatha kukhala m'thupi mpaka miyezi 3 kasanaoneke poyeza, ndipo mayi amene wangokatenga kumene ali woyembekezera kapena akuyamwitsa ndiye amapatsira mwana mosavuta, popeza tizilombo timakhala tochuluka kwambiri m'magazi ndi mumkaka. Choncho mukayezetsenso musanachire, komanso pa nthawi yonse yoyamwitsa monga anamwino akuuzireni. Pa ulendo wotsatira wa kusikelo, atengeni amayi anu kuti akamve okha kuchokera kwa alangizi a zaumoyo.