Mayi, chonde bwezani machesiwo m'thumba

Mayi wina wa kuno ku Kasungu wandilembera pa imelo. Akuti mvula yatha, kadimba ka kuseri kwa nyumba kangotsala mapesi ndi nkhwani zachikasu, ndiye asese n'kutentha zonse kuti ayambenso bwino?

Ayi mayi, musatenthe. Funso lanuli landikhudza penapake.

Nyumba ina yomwe ndinkachita lendi, a landilodi ankafuna pabwalo pazichita kuwala. M'mawa uliwonse tsache, masamba a mango onse pamulu, kenako utsi. Ine kuika timapesi pa bedi langa la mpiru, iwo amvekere ndikuitana njoka. Ndikapita kuntchito ankatuma ana kukachotsa. Pofika Ogasiti dothi linali gwa, ukathira madzi amangothamangira kwa aneba, koma bilu ya madzi ikubwera ndithu.

Vuto lathu kuno n'lakuti tinakulira mu fodya. Mapesi a fodya amazulidwa n'kuwonongedwa chifukwa amasunga matenda ndi tizilombo, pamenepo m'pomveka. Koma lamulo la fodyalo talitengera pa chilichonse, mpaka masangwi a mtedza, omwe ndi manyowa eniake. Dothi la Kasungu lambiri n'lamchenga, silisunga madzi, ndiye mukalivula chofunda mu Meyi lidikira mvula mpaka Novembala kapena Disembala lili pamtetete. Kusesa kotere si ukhondo, n'kuwononga basi. Za anyamata otentha tchire pofuna mbewa ndisayambe n'komwe, sitimaliza lero.

Ena anena za chiswe. Inde chimabwera, koma kawirikawiri chimalimbana ndi zouma. Ingosiyani kampata pakati pa zophimbirazo ndi tsinde la mbewu.

Komanso nkhwani mukuti zathazo, mwayang'ana kunsonga? Thyolani zanthete pamodzi ndi khwanya, mufutse, muyanike. Masiku ano anthu a m'tauni amachita manyazi ndi mfutso, kenako mu Okutobala n'kumadandaula kuti kamulu ka masamba kachepa pamsika. Wotendera ndi nsinjiro amaukana ndani?

Ndiye muchite chiyani?

Ngati m'dimbamo muli tomato wodwala, muzuleni, yekhayo ndiye mutenthe, ndipo pamalopo musabwerezepo tomato chifukwa matenda amatsalira m'dothi. Tipulani, sakanizani ndi manyowa a nkhuku owola bwino (aawisi amawotcha mizu). Mabedi akhale olowa pansi pang'ono kuti madzi azikhazikika. Fesani mpiru, repu, chainizi, kabichi ndi anyezi panazale pompano, zimenezi zimakonda chisanu cha Juni ndi Julayi. Zamasambazo muwokere pakatha masabata 4, anyezi amachedwerapo. Phimbirani ndi mapesi omwe mumafuna kutenthawo, ndipo madzi otsukira mpunga ndi ndiwo asamatayidwe pabwalo.

Mpanda wa udzu musaiwale. Umatchinga mphepo ya mwera, komanso nkhuku za aneba zikangoona pophimbira zimafukula bedi lonse tsiku limodzi.