Imani kaye musanatumize ndalamazo, ine ndinapsa nazo

Achemwali, imani kaye, musatumize ngakhale tambala. Nditangowerenga zoti mukufuna kusonkhetsa anthu kuti mukaone mbalame kupaki n'kusiyako kangachepe kothandizira, komanso kuti pali wina wadzipereka kuti ayendetsa zonse, mtima wangoti myuu. Ndi mmenenso zinayambira zanga.

Ine zinandionekera pa ulendo wa ku Lengwe. Ndineneretu, a kupakiko sanandilakwire kanthu, ndiwo anandipukuta misozi. Anandiyenda njomba ndi mkulu wina wa m'tauni mommuno, sindimutchula. Munthu wake wodziwa mbalame koopsa, ukangomutumizira kachithunzi kosaoneka bwino akuuza dzina pompo. Ndi iyeyo anatitsegula m'maso kuti mapaki sali chimodzimodzi. Majete ili m'manja mwa bungwe loyendetsa mapaki la African Parks kuyambira 2003, Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, ndiye kumeneko kuli mipanda, magalimoto, alendo akunja osati masewera. Koma Lengwe, yomwe ili m'boma la Chikwawa ngati Majete ndipo ndi paki kuyambira 1970, alendo ambiri amangoidutsa pamsewu. Zonsezo ananena zoona. Amati tiyeni tipite tikalipire pageti, tiwagulirenso malenjala majombo ndi marenikhoti mvula isanayambe. Ndani akanakana?

Ndiye ine ndi changu changa ndinakhala msungichuma. Ndinakopa anzanga akuntchito, amayi awiri a kumpingo kwathu, mlamu wanga, mpaka azakhali anga amene sadziwa kusiyanitsa njiwa ndi pumbwa koma anati mwana wa achimwene akapempha sitikana. Ena sanapite nawo koma anasonkha. Zonse pamodzi zinakwana K640,000, kuphatikizapo ya pageti ndi ya chakudya. Mkulu uja anati nditumizireni pafoni, ine ndipita dzulo lake ndi katundu, ndikalipiriratu, inu mukangofika n'kulowa. Anatumiza ndi chithunzi cha majombo ali m'katoni. Lisiti sindinafunse. Ndinaona ngati kufunsa lisiti n'kumunyoza munthu wamkulu.

Tinanyamuka mu Blantyre cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, anthu 14 m'minibasi, mwezi wa Okutobala. Kutsika mapiri aja mpaka pa Thabwa anthu akuimba, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukhota kulowa m'minda ya nzimbe. Tikufika pageti dzuwa litangotuluka koma kutentha kwake ngati masana. Ndatsika ndi kamwemwe, ndapereka moni, ndatchula dzina la mkulu uja. Bambo wa pageti anandiyang'ana, anatsegula buku lake, anayendetsa chala mzere ndi mzere, anabwerera tsamba la dzulo, la dzana, kenako anati pepani bambo, dzina limeneli ndi lachilendo kuno. Ndinati mwina analankhula ndi akuofesi. Anaitana mnzake pa wayilesi. Palibe. Majombo? Anangoseka pang'ono, osati monyoza, kuseka kwa munthu woti zoterezi si koyamba kuzimva.

Ndinaimba foni. Nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka. Ndinaimbanso kasanu ndi kawiri nditaima pambali pa minibasi, nsana nditaulozetsa kwa anthu kuti asandione nkhope. Pa WhatsApp chithunzi chake chinali chitachoka, uthenga wanga unangokhala ndi kachizindikiro kamodzi. Kumbuyoku ndikumva mawindo akutsegulidwa mmodzimmodzi. Dalaivala wazimitsa injini, akuti bwana ndalama yanga yotsala ija musaiwale. Mlamu wanga watsika, wangoima pambali panga osanena kanthu, ndipo kusanena kanthuko kunandipweteka kuposa kutukwana. Ndiye azakhali anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa mokweza, aliyense akumva, kodi mwanawe, mbalamezo zayamba? Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Thukuta la ku Chikwawa ndimalidziwa, koma la tsiku limenelo linali lozizira.

Tinasonkhanso pomwepo, zam'matumba, amayi ena akumasula mfundo ya pachitenje. Mwayi wake Amalawi timalipira zochepa pageti kuyerekeza ndi alendo akunja, apo bii tikanabwerera. Chakudya panalibe, tinadya mabanzi amene azakhali anatenga chifukwa iwo sakhulupirira za kukadya kutsogolo.

Lenjala amene anatiperekeza ndi amene anapulumutsa tsikulo. Jombo yake yakumanzere inali itaseka kutsogolo, atayisoka ndi kawaya, ndipo ine njira yonse maso anali pa jomboyo, podziwa kuti ndalama ya jombo yatsopano ndinaipereka ndi manja angawa kwa wakuba. Anatikhazika m'kanyumba kobisalamo pafupi ndi dziwe n'kutiuza kuti tizime mafoni, titseke pakamwa. Patapita mphindi mwina 20 kunatulukira nkhanga zija za tsumba lakuda lopotanapotana pamutu, zosiyana ndi nkhanga za kumudzi, zikuyenda pamzere mwaulemu ngati zikupita kukapereka chopereka. Kenako nyala yamphongo, yomwe ndiyo imatchukitsa Lengwe. Pobwerera anatiimitsa n'kuloza mbalame yotchedwa Böhm's bee-eater ili pakanthambi, kamutu kofiirira, thupi lobiriwira, mchira wautali ngati singano. Inauluka, kugwira kachilombo m'malere, kubwerera pa nthambi yomweyo. Azakhali anaomba m'manja mpaka inathawa.

Koma mkulu ameneyu, ayi ndithu. Chimene chimandiwawa si ndalama yokha. Ndi zoti anagwiritsa ntchito chinthu choona. Akanatinamiza za bizinesi ya golide bwenzi ndikuti ndinapusa ndekha. Koma iye anatenga umphawi weniweni wa paki, anthu enieni amene amagona kuthengo kuchotsa misampha ya mawaya, n'kuwadyera masuku pamutu. Anthu amene ndinawakopa aja pano ukawauza za kusonkhera zachilengedwe amangoti mwayambanso. Anaononga dzina langa, anaononganso chifundo cha anthu 20 ndi kwinaku. Ndinabweza ndalama za amene sanapite nawo, pang'onopang'ono miyezi isanu, ndipo kuti ndimalize ndinagulitsa bainokyula yanga imene ndinaisungira chaka chathunthu. Lero ndimaonera mbalame ndi maso okha ngati mwana wa legeni. Ndinamva kuti anatsegula gulu lina ndi dzina lina, akujambulitsa atavala chipewa cha khaki.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Ndalama musadutsitse mwa munthu, ngakhale akhale wodziwa mbalame zonse pafupifupi 650 za m'Malawi muno pamtima. Lipirani nokha pageti, landirani lisiti ya boma, muisunge. Ngati mukufuna kupereka katundu, yambani mwalankhula ndi ofesi ya pakiyo kapena a Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakutchire, muwafunse chimene akusowa, chifukwa mwina inu mukuganiza majombo pomwe iwo akulira mafuta a galimoto kapena mabatire a tochi. Mukafuna bungwe, kuli Wildlife and Environmental Society of Malawi, la kalekale kuyambira 1947, lili ndi nthambi m'mizinda ndipo ndi limene limagwira ntchito ndi BirdLife, bungwe la padziko lonse loteteza mbalame, kuno. Lowani umembala, muziyenda nawo.

Komabe musachite mantha mpaka kusiya, ayi. Sonkhani ndithu, ndipo pitani gulu, chifukwa munthu mmodzi mafuta okha akumaliza, komanso buku la pageti likadzaza mayina ndi pomwe akuluakulu amaona kuti pakiyo ili ndi anthu oifuna. Msungichuma akhalepo, kungoti asakhale ine. Ndipo lenjala amene wakuperekezani mupatseni yake m'manja, popanda lisiti, popanda komiti, musayambe kumufunsa mafomu. Ndikudziwa ndangonena kumene kuti chilichonse chikhale ndi lisiti, koma ameneyo mwamuona ndi maso anu akukhetsa thukuta.

Za nthawi, kumapeto kwa Okutobala ndi Novembala n'kwabwino chifukwa mbalame zochokera ku Ulaya zimakhala zafika ndipo nyama zimasonkhana pamadzi, koma kutentha kwake konzekani, tengani madzi ambiri kuposa mmene mukuganizira. Mvula ikakhazikika misewu ya m'chigwamo ndi matope okhaokha, ndipo mukudziwa mmene namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anachitira ku Chikwawa, imbani kaye musananyamuke. Muli kumeneko mutha kutsikira ku Elephant Marsh, dambo lija linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, kukaona akakowa ndi nkhwazi pabwato. A ku Lilongwe musavutike ndi ulendo wautali, Dzalanyama ili pakhomo panu, ikutha ndi makala pomwe madzi amene mumamwa amachokera komweko, ndipo azungu amalipira ndege kudzafuna mbalame yotchedwa Stierling's woodpecker m'nkhalango imeneyo.

Ndipo achemwali, amene wadzipereka kuyendetsa zanuyo, nditumizireni chithunzi chake ku inbox. Ngati wavala chipewa cha khaki, ndili naye mawu.