Yankho kwa a kapitawo a ku Thyolo: za othyola tiyi amene amaiwala zimene aphunzira m'holo

Bambo, mwati chaka chilichonse mvula isanayambe mumasonkhanitsa othyola tiyi atsopano m'holo masiku awiri, koma sabata isanathe madengu adzaza masamba okhwima ngati simunawauze kalikonse, ndiye mukufunsa ngati si bwino kungowasiya aziphunzira kwa anzawo m'munda. Kwa anzawo akuphunzira kale, mufune musafune. Chimene chili m'manja mwanu ndi kusankha mnzawo amene aziphunzirako, ndi kugawa masiku awiri ajawa m'tizigawo.

Anthu anu si ouma mitu. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo: munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola oyamba ndi tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Komanso ubongo sugwira zinthu zatsopano zambiri nthawi imodzi. Wofufuza wina, Nelson Cowan, mu 2001 anati ndi pafupifupi zinayi. Tsono mukawauza za kathyoledwe, za sikelo, za malipiro, za tchuthi ndi za njoka m'mawa umodzi, zimene zimatsala m'mutu ndi za malipiro basi, chifukwa ndi zimene anabwerera.

Nkhani yaikulu ndi yakuti kuthyola tiyi ndi luso la manja, ndipo manja saphunzira ndi mawu. Henry Molaison wa ku America anachitidwa opaleshoni mu 1953 chifukwa cha khunyu, namuchotsa mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus, imene imasunga zochitika zatsopano. Kuyambira pamenepo sankakumbukira anthu amene wakumana nawo kumene. Koma Brenda Milner, wofufuza za ubongo, atamupatsa ntchito yojambula nyenyezi akuyang'ana pagalasi, tsiku lililonse ankajambula bwino kuposa dzulo lake, pamene iye mwini sankakumbukira kuti anayeserapo. Chimene munthu anganene ndi pakamwa ndi chimene zala zake zingachite zimasungidwa m'njira zosiyana. Munthu angayankhe bwinobwino m'holo kuti "masamba awiri ndi nsonga", zala zake zisanadziwe kusiyanitsa nsonga yanthete ndi yokhwima pamene dzuwa likuswa mtengo.

Holo ichepetseni kukhala ola limodzi, pa zinthu zitatu zokha: tsamba lofunika, kusathyola kunsi kwa tebulo la tiyi (pamwamba posalazidwa pa mitengo ya tiyi), ndi kusatsindira masamba m'dengu. Chilichonse chikhale ndi chifukwa chake. Othyola mozama amachotsa masamba amene amadyetsa mtengo, ndiye mphukira zimachedwa ulendo wotsatira. Masamba otsindiridwa amatentha n'kufiira asanafike kufakitale, tiyi wake n'kutsika mtengo. Munthu wodziwa chifukwa amatha kudzikonza yekha pamene inu kulibe. Zina zonse zidikire masiku ena.

Mukatero pitani nawo kumunda tsiku lomwelo. Kenako bwererani pa mfundo zomwezo kwa mphindi 10 m'mawa ntchito isanayambe, pa tsiku lachiwiri, lachinayi, lachisanu ndi chitatu, ndiponso pakatha masabata awiri. Kudumphitsa masikuku n'kwadala, chifukwa ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu akagona tulo. Apa pali msampha umene akapitawo ambiri amagwamo: amabwereza kulankhula okha. Inu funsani. Tolani mphukira zisanu, mumupatse munthu m'manja, anene yekha zoyenera ndi zosayenera. Ofufuza Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke mu 2006 anapeza kuti ophunzira amene anayesedwa kukumbukira okha anasunga zambiri patatha sabata kuposa amene anangowerenga mobwereza. Kuvutika pang'ono pokumbukira n'kumene kumalimbitsa.

Tsopano za mnzake wophunzirako, pamene zinthu zimawonongekera kwambiri. Watsopano akasiyidwa yekha amatsanzira amene dengu lake likudzaza msanga, chifukwa ndalama zimayendera makilo. Nthawi zambiri wothamangayo ndi amene amakolopola ndi masamba okhwima omwe. Pakatha masabata awiri zala zazolowera, ndipo kuchotsa chizolowezi kumavuta kuposa kuphunzitsa munthu amene sanagwirepo tiyi. Sankhani wophunzitsa poyang'ana ubwino wa masamba ake, osati makilo okha. Mupatseni anthu atatu kapena anayi, mizere yawo iyandikane ndi wake kwa masabata awiri oyamba. Ndipo mumulipire makilo amene akutaya pophunzitsapo, potengera zimene amathyola masiku onse. Mukapanda kutero adzawasonyeza kamodzi m'mawa n'kuwasiya m'mbuyo, ndipo simungamunene, naye ali ndi ana kunyumba.

Kudzudzula kukhale kwa nthawi yomweyo, osati kumapeto kwa mwezi pamene munthu wathyola molakwika kambirimbiri. Pa sikelo tapani mphukira 100 m'dengu la wophunzira, azisankhe yekha milu iwiri, awerenge zabwino, mulembe. Mawa ayerekeze ndi za dzulo. Chitani izi pambali. Munthu wokalipiridwa pagulu maganizo ake amathera pa manyazi, ndipo malo ochepa aja ogwirira zinthu zinayi amadzaza ndi mantha. Chimene amaphunzira ndi kubisa masamba oipa pansi pa dengu.

Mwina alangizi ena adzakuuzani za 70-20-10, kuti magawo 70 pa 100 alionse a luso amachokera pantchito, 20 kwa anzako, 10 m'kalasi. Manambalawa anachokera pofunsa mabwana a makampani ku America za mmene anaphunzirira utsogoleri, sanayezedwe mu ubongo wa munthu, choncho musagawire bajeti pa iwo. Chimodzimodzi zoti wina amaphunzira ndi maso wina ndi makutu: ofufuza atayesa kuphunzitsa anthu motsatira zimenezo sanapeze umboni wokwanira woti zimathandiza. Njira yophunzitsira itengere ntchitoyo.

Pali ntchito zina zimene musalole kuti ziphunziridwe mongoonera. Kupopera mankhwala, kugwira makina a CTC odula ndi kupota masamba m'fakitale, kuyeretsa malamba a makina ndi kuyang'anira boyila. Pamenepa wakale amapatsira watsopano njira zachidule, monga kuchotsa masamba otsekereza makina akuyenda kapena kuvula chophimba kumphuno kukatentha, chifukwa iye sanavulalepo. Izi zikhale ndi ndondomeko yolembedwa m'Chichewa, ndipo munthu azimitse makinawo yekha inu mukuona, katatu pa masiku osiyana, asanasiyidwe payekha. Amakanika anu amene anaphunzirira pantchito kwa zaka zambiri opanda pepala, afunsireni ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za kuyesedwa pa luso limene ali nalo kale kuti alandire satifiketi.