Ng'ala ya agogo si yofanana ndi ya mbewa za ku Wisconsin

Achemwali, mwafunsa ngati agogo anu omwe ali ndi ng'ala angadzadwalenso khansa ya pakhungu, popeza mwawerenga kuti mbewa zosinthidwa majini (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) zinapezeka ndi mavuto awiriwa nthawi imodzi. Mtima ukhale m'malo. Mbewazo sizinadwale mwachibadwa, anazidwalitsa dala.

Kafukufuku wodziwika pa nkhaniyi ndi wa Anne Griep ndi Paul Lambert a ku University of Wisconsin ku America, amene anatuluka mu 1993. Iwo anatenga majini awiri otchedwa E6 ndi E7 a kachilombo ka HPV 16, koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, n'kuwalowetsa m'mbewa mwa njira yoti azigwira ntchito m'kagalasi ka m'diso. Mbewazo zinakhala ndi maso aang'ono ndiponso ng'ala. Mwa gulu lina la mbewazo majiniwo anadzukanso pakhungu, ndipo zitakula zinatuluka zotupa, zina n'kusanduka khansa.

Tsono n'chifukwa chiyani diso ndi khungu? Maselo ali ndi mapuloteni awiri, Rb ndi p53, amene ali ngati mabuleki a njinga. E7 imagwira Rb, E6 imawononga p53, selo n'kumangogawikana osaima. Kagalasi ka m'diso kamaonekera bwino chifukwa maselo ake akakhwima amasiya kugawikana, amataya ngakhale phata lawo, n'kundandalikana mwadongosolo kuti kuwala kudutse. Akalephera kusiya, dongosololo limasokonekera, kagalasi n'kuchita mbuu. Pakhungu nawonso maselo amayenera kukhwima, kukwera pamwamba, kufa n'kuyoyoka. Akakana kutero khungu limakhuthala, ndipo selo lomwe lawonongeka silichotsedwa, limangoswana. Ndiye ng'alayo sinabereke khansa ayi, zonse ziwiri zinachokera ku majini omwe anaikidwa aja. Kagalasi ndi khungu lakunja zimachokeranso ku gulu limodzi la maselo mwana akamaumbika m'mimba, choncho kwa ine sizodabwitsa kuti zinapwetekeka limodzi.

Ng'ala ya agogo nthawi zambiri imabwera ndi ukalamba: mapuloteni a m'kagalasi amagwirana n'kuchita chifunga. Matenda a shuga, fodya ndi dzuwa la zaka zambiri zimaifulumizitsa. Imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, amaikamo kagalasi kena, ndipo chipatala cha Nkhoma n'chodziwika pa ntchito imeneyi. Musadikire kuti asiyiretu kuona. Chilonda chapakhungu chosapola ndi nkhani ina payokha, nachonso akachionetse.

Mbewazi zimatikhudza kwina kwake. HPV 16 ndi 18 ndizo zimayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri m'Malawi, ndipo zida za tizilomboti ndi E6 ndi E7 zomwezo. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Ngati pakhomo pali mtsikana amene sanabaye, kafunseni kuchipatala chapafupi.