Test imodzi, data yambiri: runner yanu ichite bwanji?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Analemba yekha test runner (pulogalamu yoyendetsa ma test) yaing'ono mu Python, ndipo akufuna kuti function imodzi iziyesedwa ndi data yosiyanasiyana. Akufunsa kuti: "Ndingoika loop m'kati mwa test, kapena pali njira yabwinoko?"

Loop imagwira ntchito, koma tangoganizani muli ndi mizere 40 ya data, wachitatu n'kulephera. Assert, lamulo loona ngati zotsatira zili zolondola, imaimitsa zonse pomwepo, ndipo mizere 37 yotsalayo simudziwa n'komwe ngati ili bwino. Lipoti nalo limangoti test imodzi yagwa, osakuuzani kuti yagwera pati.

Ine ndingati mugawe ntchito ya runner pawiri: kusonkhanitsa ma test, kenako kuwayendetsa. Kuchulukitsa test imodzi kuti ikhale ma test ambiri kuchitike pa gawo loyambalo. Lembani decorator (chizindikiro cha @ choikidwa pamwamba pa function), koma isayendetse kalikonse, ingomata mndandanda wa ma parameter pa function. Runner ikamasonkhanitsa, ipeze mndandandawo n'kupanga test yoima payokha pa mzere uliwonse, yokhala ndi setup ndi teardown (kukonzekera test isanayambe ndi kuyeretsa ikatha) yakeyake. Ndi mmene pytest, test runner yodziwika ya Python, imachitira ndi @pytest.mark.parametrize. Ubwino wake ndi woti kuwerenga ma test, kudumpha ena ndi kuyendetsanso amene agwa zimangotheka popanda kulemba zina zatsopano.

Pamene ambiri amapeputsa ndi pa mayina. pytest imatulutsa dzina ngati test_add[2-3-5], ndipo mutha kuyendetsa mzere umodziwo pawokha. Chitani zomwezo, komanso mulole wolemba test kupereka dzina lakelake, chifukwa parameter ikakhala object yaikulu dzina longotuluka lokha silithandiza aliyense. Mayinawo asamasinthesinthe, ndondomeko yawonso chimodzimodzi. Wina akapereka set ya mawu m'malo mwa list, ndondomeko imatha kusintha nthawi iliyonse imene Python yayambitsidwa, ndipo tsiku limene mudzagawe ma test ku ma process angapo, iliyonse idzakhala ndi mndandanda wosiyana ndi inzake. pytest-xdist, imene imagawa ma test a pytest ku ma process angapo, ikaona zotere imangokana kupitiriza.

Samalaninso ndi lambda (function yaing'ono yopanda dzina) yopangidwa m'kati mwa loop popanga ma test amenewa. Python imayang'ana variable pa nthawi imene lambda yaitanidwa, choncho ma test onse 40 adzayesa mzere womaliza wokhawokha, ndipo mzerewo ukakhala wabwino, onse n'kudutsa bwinobwino. Apa functools.partial ndiyo ikupulumutseni, chifukwa imasunga data ya mzere uliwonse pa nthawi imene yapangidwa.

Nanga mndandanda ukakhala wopanda kanthu? Test isangosowa mwakachetechete. pytest imailemba kuti yadumphidwa. Ine ndikadakonda kuti igwe, chifukwa kawirikawiri zimatanthauza kuti fayilo ya data sinawerengedwe.

Ngati runner yanu yamangidwa pa unittest (chida cha ma test chobwera ndi Python) ndipo simukufuna kuiphwasula, pali subTest, yoika m'kati mwa loop ya test, imene inabwera mu Python 3.4. Imapitiriza ngakhale mzere wina walephera, n'kukuuzani kuti ndi uti. Koma setUp imayenda kamodzi kokha pa mizere yonse, ndiye mzere wina ukasintha kanthu, otsatirawo amazipeza zili zosinthidwa kale. Data yanu ikakhala manambala ndi mawu basi, subTest ikukwanirani.