Masangweji a m'mawa: mazira muphikiretu usiku, m'mawa kungolumikiza basi

Mayi wina wandilembera imelo ndipo funso lake ndi loti ambiri lingawathandize, nde ndati ndiliyankhe pano. Akuti ali ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 3, bambo amanyamuka mbandakucha kupita kuntchito, ndipo m'mawa uliwonse kumakhala phuma lokhalokha moti ana amangomwa tiyi ndi buledi wosapaka kanthu n'kumapita. Akufuna masangweji osavuta oti aliyense akhute, koma akuti akayesa kupangiratu usiku, pofika m'mawa buledi amakhala atanyowa, ana n'kumukana.

Amayi, zikomo pondilembera. Kuphika mumatha ndithu, chikukuvutaniyo ndi nthawi, chifukwa mukumafuna kuchita zonse m'mawa kapena zonse usiku pomwe ntchitoyi imafunika kuigawa pawiri. Zotenga nthawi, makamaka mazira, zitheretu usiku. Zilizonse zokhala ndi madzi zidikire m'mawa. Mukatero m'mawa mumangolumikiza, mphindi 5 zakwana.

Ndiyambe ndi mazira poti ndi amene amagwira mimba. Dzira limodzi lalikulu lili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 6, ndipo mapuloteni amachedwa kugayika kuyerekeza ndi buledi woyera yekha, n'chifukwa chake mwana amene wadya buledi wopanda kanthu pofika 10 koloko amakhala akuyasamula kale ndi njala. Koma kukazinga dzira limodzilimodzi la anthu asanu m'mawa, aa, nthawi yathera pompo. Nde chitani chonchi: swani mazira 12 m'mbale yaikulu, thirani mkaka theka la kapu, mchere pang'ono, menyani bwinobwino, khuthulirani mu thireyi yopaka mafuta, ikani mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 15 mpaka 20 mpaka pakati palimbe, osagwederanso mukaigwedeza thireyiyo. Akazizira dulani mabandumabandu ofanana ndi silayisi ya buledi wanuyo. Mazira a masiku angapo athera pomwepo. Ngati mulibe uvuni musadandaule, chiwaya chokhala ndi chivundikiro chimagwira ntchito yomweyo, mazira 6 nthawi imodzi pa moto wochepa kwambiri, mwavundikira, pamwamba pamapsa ndi nthunzi. Moto ukachuluka pansi pamapserera pamwamba pakadali pamadzi, nde lezani mtima.

Mukafuna kuikamo anyezi, tsabola wobiriwira kapena sipinachi, yambani mwakazinga kaye pambali kuti madzi ake aphwe. Mukaika zaziwisi zimatulutsira madziwo m'mazira momwemo, mawa lake mudzapeza timadzi pansi pa kontena. Ine ndimaona kuti iyi ndi njira yabwino kwambiri yodyetsera ana masamba m'mawa popanda kukangana nawo, bola muwadule tating'onoting'ono.

Ena amakonda mazira owiritsa, nawonso ndi abwino. Mphindi 10 mpaka 12 m'madzi owira, kenako m'madzi ozizira kuti asende bwino. Mu furiji amatha kukhala mpaka masiku 7. M'mawa mwasenda, mwaphwanya ndi foloko, kamayonezi pang'ono, basi.

Tsopano nkhani ya buledi wonyowa ija, yomwe ndi funso lanu lenileni. Madzi amene akunyowetsa bulediyo akuchokera mbali zingapo ndipo wamkulu pa onse ndi tomato. Tomato ndi madzi okhaokha, oposa magawo 90 pa 100 alionse, ndipo mukamuthira mchere kapena akagundana ndi chinthu chamchere, mcherewo umakoka madzi aja kuwatulutsa kunja, nde usiku wonse buledi amangomwa ngati siponji. Tomato adulidwe m'mawa, mumuike kaye pa kansalu koyera kapena pepala la kukhitchini kwa mphindi imodzi, ndipo akhale pakati pa dzira ndi tchizi, asakhudze buledi. Chimodzimodzi nkhaka ndi letesi. Chachiwiri ndi nthunzi, ichi ambiri sachiganizira. Mukatsekera dzira lotentha m'kontena kapena m'pulasitiki, nthunzi ija ilibe kotulukira, imasanduka madontho n'kugwera pa chakudya chomwecho. Dikirani zizizire kaye, mphindi 20 kapena 30, kenako mutseke n'kuika mu furiji. Ndiye pakani batala kapena majarini mbali zonse ziwiri zamkati mpaka m'mphepete, osati kungodontheza pakati ayi, chifukwa mafuta ndi madzi sizisakanikirana, nde kamafuta kaja kamatchinga. Mukamuwambako buledi pang'ono pa chiwaya asanapakidwe amalimbanso bwino, sanyowa msanga.

Pali china chomwe anthu amadabwa nacho ndikawauza, buledi sakonda furiji. Kuzizira kwa mu furiji kumalimbitsa sitachi ya mu buledi mofulumira, moti amauma n'kuyamba kunyenyeka msanga kuposa akanakhala pa shelefu. Ngati mwagula wambiri muikeni mu firiza ali woduladula, kuuma gwaa kumene kuja kumaimitsa zonsezi, ndipo silayisi yochokera mu firiza mutha kungoiponya pa chiwaya chotentha, mphindi ziwiri yabwerera.

Ndipo firiza yomweyo ingakusungireni masangweji athunthu. Buledi wopaka, bandu la dzira lija, kachidutswa ka tchizi, mwakulunga iliyonse payokha, imakhala bwinobwino mwezi wathunthu. Musaikemo tomato, letesi kapena mayonezi, izi zikasungunuka zimangosanduka madzi, komanso dzira lowiritsa silifuna firiza, choyera chija chimalimba n'kumavuta kutafuna. Usiku tulutsani za mawa muike mu furiji, m'mawa muzitenthetse pa chiwaya mwavundikira mpaka zitenthe mpaka mkati. Mu mayikirowevu mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, koma ngati munakulunga mu foyilo chonde ichotseni, zachitsulo sizilowa mmenemo. Ine pa ziwirizi ndimasankha chiwaya, buledi amakhala wokhukhuta kunja pomwe mayikirowevu imamufewetsa kwambiri.

Apa ndinenepo motsindika chifukwa muli ndi mwana wamng'ono. Mazira ophika asakhale kunja kwa furiji kupitirira maola 2, ndipo kukakhala kotentha kwambiri, kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Mabandu a mazira aja mu furiji yozizira bwino, madigiri 4 kapena kutsika, ndi a masiku 3 kapena 4 basi, otsalawo apite mu firiza tsiku lomwe mwaphikalo. Kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba dzira lipse lonse, chachikasu chija chilimbe, chifukwa cha tizilombo ta Salmonella tomwe timatsegula m'mimba ndipo sitioneka kapena kununkha, chakudya chimaoneka chabwinobwino.

Simunanene ngati muli ndi furiji. Ngati mulibe, zophikiratu mazira usiku zisiyeni, musayese n'komwe. Pali njira ina yachangu ya chiwaya chimodzi yomwe ndimaikonda zedi. Menyani mazira 2, thirani pa chiwaya chamafuta pang'ono, pompo ikani masilayisi awiri a buledi pamwamba pa mazirawo moyandikana, dzira likagwira tembenuzani zonse pamodzi, pindirani mkati mphepete za dzira zomwe zatulukira, ikani tchizi kapena tomato ngati alipo, pindani silayisi ina pamwamba pa inzake. Mphindi 3 kapena 4 sangweji yatheka ndipo chotsuka ndi chiwaya chimodzi chokha.

Sikuti tsiku lililonse akhale mazira ayi, ana amatopa nawo. Chiponde ndi nthochi yoduladula ndi sangweji yokhutitsa yosafuna moto. Peyala lophwanya ndi kamchere, mwafinyirapo ndimu kuti lisade msanga. Nkhuku yotsala dzulo mwainyotsola, nyemba zophwanya, nsomba ya m'chitini. Soseji ndi bekoni ana amazikonda ndikudziwa, koma zimenezi zikhale za mwa apo ndi apo, mchere wake ndi wambiri, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ana ocheperapo, pomwe buledi ndi tchizi zili nawo kale mchere wake. Mu 2015 nthambi yake yofufuza za khansa, IARC, inaikanso nyama zokonzedwa kufakitale ngati zimenezi pagulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, nde si zoti banja lizidya m'mawa uliwonse.

Wa zaka 3 uja mudulireni tizidutswa ting'onoting'ono, adye atakhala pansi inu mukumuona. Chiponde mupake mopyapyala chifukwa chikachuluka chimamata kukhosi, soseji muidule cham'litali osati timawilo tozungulira tija, timeneto timatsamwitsa ana. Ndipo kwa ena amene muli ndi khanda losakwana chaka, uchi ayi, ngakhale kadontho.

Ana akuluakulu awiriwo apatseni ntchito, wina azipaka majarini wina aziika dzira, zonse mwaziyala patebulo, mwana akapanga yekha sangweji kawirikawiri amaidya yonse osatsala. Ya bambo, poti amadyera m'njira kapena akafika kuntchito, ikakhala yotentha muikulunge m'pepala osati m'pulasitiki kuti nthunzi izituluka, tomato mumuikire m'kakontena kapadera akaike okha pakudya, ndipo muwakumbutse za maola 2 aja kuti asaisunge m'chikwama mpaka masana.